Labu anaibwereketsa, ife tinakachitira fizikisi pansi pa mtengo wa mango

Amene mumaphunzitsa a chaka choyamba mukudziwa mmene Okutobala amakhalira kuno ku Lilongwe: dzuwa lowotcha, ana kuwodzera pofika 2 koloko, mulu wa mapepala ochonga osatha. Lolemba ndi Lachiwiri zinali zomwezo, differentiation m'mawa, kinematics masana. Pakadapanda za Lachitatu sindikadalemba n'komwe.

Ndiyambe ndi homuweki, chifukwa ndi imene inandichititsa kulidikirira Lachitatulo. Funso linali lachizolowezi. Mwala waponyedwa m'mwamba pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, g (mlingo wa mmene dziko limakokera zinthu pansi) titenge 10, ndiye s = 20t − 5t². Apa s ndi mtunda umene mwalawo wakwera, t ndi nthawi. Ukafika pati usanayambe kubwerera? Ukachita differentiate upeza v = 20 − 10t, liwiro likutha pa t = 2, ukabwezera mu s upeza 40 kuchotsa 20, mamita 20, basi. Koma mapepala oposa theka anandilembera mamita 60. Winawake anaphatikiza pofunika kuchotsera, n'kujambula yankho lake, n'kuliponya pa gulu lawo la WhatsApp, anzake n'kungomeza osatafuna. Kubera sikundidabwitsa, kunayamba kalekale. Chinandiwawa n'chakuti palibe amene anadzifunsa ngati zingatheke. Ngakhale mwalawo ukanapanda kuchepetsa liwiro, m'masekondi awiri ukanayenda mamita 40 okha. Nanga 60 ikuchokera kuti? Kwa iwo mita ndi chilembo cha m chimene amaika kumapeto kwa nambala kuti ndisawadule malikisi.

Ana otere amafunika agwire chinthu ndi manja, ayeze okha, aone kuti g amapezekadi. Lachitatu tinali ndi practical ya simple pendulum, kachinthu kolemera kolendewera pa ulusi kamene kamapita uku ndi uku, ndipo ndinali nditauza kale mnyamata wathu wa mu labu kuti akonze ma clamp stand ndi ma stopwatch anayi amene akugwirabe ntchito.

Ndikufika pakhomo pa labu ndinapeza mipando yovekedwa nsalu zoyera, mabotolo a madzi pa mabenchi athu, pulojekita ikuwala. Zipangizo zonse anazikankhira m'kachipinda kosungira katundu n'kukhoma. Mnyamata uja ndinakumana naye atasenza kireti ya zoziziritsa kukhosi, sanathe n'kundiyang'ana kumaso. Labu anaibwereketsa kwa bungwe lina kuti achitiremo workshop mpaka Lachisanu, poti ndi chipinda chokhacho chimene jenereta imafikako magetsi akathima. Ine mwini phunziro palibe anandiuza.

Ndinapita ku ofesi.

"Bwana, labu ndi yathu lero, zili pa timetable."

"Aphunzitsi, khazikani mtima pansi, ndi masiku ochepa chabe. Anawo apatseni notsi, practical adzachita."

"Adzachita liti? Mayeso ayandikira."

"Inu mukudziwa mmene zinthu zilili. Ndalama zimenezi ndi zomwe zimakulipirani pakutha pa mwezi."

Ndinangotuluka, chifukwa zimene zinali kukamwa kwanga zikanandichotsetsa ntchito. Ana amenewa semesita iliyonse amalipira ndalama ya labu pamwamba pa fizi. Ena makolo awo amagulitsa tomato mu msika wa Tsoka, ena amachita kukwera maminibasi awiri kuchokera kwa Chinsapo kapena ku Area 25. Pempho langa la ma stopwatch atsopano ndi ma ticker timer lakhala mu faelo chiyambire chaka, yankho lake limodzimodzi, "tiona bajeti". Koma nsalu zovekera mipando zinapezeka tsiku limodzi.

Ndinatuma ana awiri akagule ulusi wosokera matumba, ndinapempha manati kwa amakanika a kuseri kwa mpanda, tepi yoyezera ndinali nayo m'chikwama. Tinakamangirira pa nthambi za mango kumbuyo kwa makalasi. Mafoni omwe aja anaberera homuweki ndi amene anakhala ma stopwatch. Ulusi wa mita imodzi, kuwerenga maulendo 20 opita ndi kubwera, zimatenga masekondi pafupifupi 40, kutanthauza kuti T, nthawi ya ulendo umodzi, ndi masekondi awiri; L ndi utali wa ulusi. Ukaika mu T = 2π√(L/g), g amatuluka cha pa 9.8. Mphepo inatisokoneza, nati ikuzungulira m'malo moyenda njira imodzi, magulu ena anapeza 9.3, ena anapitirira 10. Sindinadandaule nazo, chifukwa kwa nthawi yoyamba anayamba kukangana okhaokha kuti walakwitsa ndani ndipo walakwitsa pati.

Mnyamata wina wamakani, mmodzi mwa a 60 aja, anachotsa nati n'kumangirira chimwala. Anali wotsimikiza kuti cholemera chithamanga. Anayesanso utali wa ulusi mpaka pakati pa mwalawo, n'kuwerenga, nthawi n'kutuluka yomweyo. Anabwereza, yomweyonso.

"Sala, ndiye kuti kulemera kulibe ntchito?"

"Yang'anani fomulayo achimwene, m wa kulemera mukumuona pamenepo?"

Anzake anakuwa, ena kuimba m'manja. Ndinali nditangoyamba kuwauza kuti Galileo anazisinkhasinkha zimenezi zaka zoposa 400 zapitazo, ndiponso kuti Huygens anapangira wotchi pa mfundo yomweyi mu 1656, pamene munthu wa tayi anatuluka mu labu muja kudzatiuza kuti tichepetse phokoso, tikusokoneza alendo. Mu labu yathu, pa nthawi yathu. Ana anangoti zii, kudikira kuti ndiyankha chiyani. Ndinawauza kuti apitirize kuwerenga, tisinthe ulusi ukhale wa theka la mita.

Lachinayi kunabwera mtsikana wina ku ofesi kwanga. Anachokera ku CDSS kumene Additional Mathematics kulibe, ndiye calculus waiona koyamba chaka chino. Pa homuweki ija anapeza 20, koma pogwiritsa ntchito v² = u² − 2gs ya ku sekondale, u kukhala liwiro loyambira. Funso lake linali lakuti zikutheka bwanji njira ziwiri zosiyana kufika pamodzi. Tinakhala mpaka nthawi ya nkhomaliro itadutsa, ndikumuonetsa kuti mafomula onse aja analoweza ku Fomu 3 amatuluka ukachita integrate acceleration yosasintha. Analemba yekha mzere womaliza, ine ndisanamuuze.

Lachisanu ndinabweza mapepala. A 60 onse ndawapatsa ziro, adzalembanso m'kalasi mafoni ali patebulo panga. Madzulo ake kunabwera memo yochokera ku ofesi komwe kuja, yofuna malikisi a continuous assessment pofika Lolemba, kuphatikizapo a practical, ndipo pa fomu pali malo olembapo zipangizo zimene tinagwiritsa ntchito. Ndalembapo ulusi wa matumba, manati ndi mtengo wa mango, ndasainira. Mnyamata wa mu labu wanditsina khutu kuti mwezi wamawa abwereketsanso, sabata imene ndinaika practical ya Hooke's law.