Besi inkabisala pakati pa balaza

Sub yanga ya SVS SB-3000, sipika yotulutsa besi yokhayokha, yayamba kulankhula tsopano, anzanga. Chitsikireni pa basi ya ku Lusaka, besi yake inkamveka paliponse m'nyumba kupatula pamene ndimakhala ine mwini wake. Ukaima pakhomo la kukhitchini, chifuwa kunjenjemera. Ukakhala pa sofa, zii, mpaka kumadzifunsa kuti mainchesi 13 a sipika yake ndi ma watt 800 a mphamvu yake apita kuti.

Zonse zomwe okonda masipika timauzana ndinaziyesa. Crossover (malire pamene masipika ena amasiyira besi kwa sub) pa 80 Hz, masipika akutsogolo pa small kuti besi yakuya ipite ku sub, phase (chogwirizanitsa kugunda kwa sub ndi masipika ena) kuizunguza kuchoka pa 0 kufika pa 180. Nditakankhira sub pakona, magalasi a mawindo ndiwo anayamba kuyimba, koma pa sofa panalibe kusintha.

Chinaulula zonse ndi UMIK-1, maikolofoni yoyezera mawu yomwe ndinabwereka kwa mnzanga wa ku Kalongwezi, ku Chipata. Nditayeza pa sofa ndi REW, pulogalamu ya pakompyuta yojambula mphamvu ya mawu, mzere wa besi unagwera m'dzenje lakuya pafupi ndi 43 Hz. Balaza langa ndi lotalika mamita 4, ndipo mawu amayenda mamita 343 pa sekondi. Gawani 343 ndi 8, kupita ndi kubwerera, mupeza 43 yomweyo. Pakati penipeni pa chipinda, besi yopita ndi yobwerera kuchokera kukhoma zimafafanizana, ndipo sofa inali pomwepo. Amene mumathamangira kukweza besi yosowayo ndi EQ, lekani: mukakweza yopita, yobwerera nayo imakula, amp n'kumangotentha pachabe. Nyumba zathu za njerwa zootcha ndi simenti pansi sizimeza besi ngakhale pang'ono, zimangoibweza yonse.

Ndiye ndangokokera sofa cham'mbuyo, osaigunditsa kukhoma chifukwa kumeneko besi imafufuma. Dzenje silinatheretu koma lachepa kwambiri. Ng'oma ikagunda, ukumva kugunda ndi kusiya, osati mkokomo wopanda mutu. Gitala ya besi ya kalindula ndikuitsatira noti iliyonse. Mayi a ana akuti sofayo yatseka njira yopita ku displeyi, nkhani imeneyo ikadali m'bwalo.

Zandikumbutsa bokosi langa loyamba, lomwe kalipentala wa ku Kapata anandikhomera ndi matabwa a MDF, sipika ya m'galimoto ya mainchesi 12 mkati. Linkagwedeza malata a aneba koma nyimbo iliyonse inkatuluka noti imodzi. Mkuluyo ndimamukhulupirirabe, guluu samana. Chingwe cha RCA cha sub yatsopanoyi ndinangogula ku Down Shops, ndipo sindikumva kulira kwa magetsi kwa 50 Hz, choncho za zingwe zodula musandiuze.

Chatsala ndi siling'i bodi ya pakona, ikunthunthumira sub ikatsika pansi pa 30 Hz. Ikatha imeneyo ndikufuna sub yachiwiri kukhoma lakumbuyo, mwinanso inverter yokulirapo kuti magetsi akathima tisamalekeze filimu pakati. Ndalama yake tiona chimanga chikagulitsidwa.