Ng'azi ya mwendo wopindika: mmene ndinaizoloweretsera kudya pa mpani

Ng'azi yanga ndinaipeza mu Febuluwale chaka chatha ili pa khwekhwe. Anyamata atatu anali ataikola m'ngalande ya ku sikimu ya mpunga ya Bwanje Valley, kuno ku Mtakataka, ndipo ankaiguza mumsewu uku akuigenda. Inali yaing'ono, yosakwana theka la mita kuchokera kumphuno kufika kunsonga ya mchira, yakuda bii, yokhala ndi timadontho tachikasu tondandalikana ngati mikanda. Waya anali atailowa m'chiuno, mwendo umodzi wakumbuyo uli lende. Nditafunsa komwe ankapita nayo, wamkulu mwa iwo anati, "Aphunzitsi, imeneyi ndi mbava ya mazira, tikukaipha." Ndinati andipatse. Poti ndimawaphunzitsa, sanalimbe mtima kukana.

Nditafika nayo pakhomo m'chiguduli, mayi akunyumba anasuzumira n'kubwerera m'mbuyo. "Abambo, anzanu akachokera ku sikimu amabwera ndi mpunga. Inu mwabwera ndi chiyani?" Ndinawalonjeza kuti ikangopola ndikaitaya ku mtsinje wa Namikokwe. Lonjezo limenelo sindinalikwaniritse, chifukwa mwendo uja unapola mopindika, moti mpaka lero imayenda chotsimphina.

Tsiku loyambalo ndinadula waya uja ndi pulayala, mwana wanga wamkulu ataigwira mutu ndi nsanza. Bala ndinalitsuka ndi madzi owiritsa othira kamchere, kenako alangizi a ziweto anandipatsa ayodini woti ndizipaka. M'khwapa ndi m'mphepete mwa mphuno munali nkhupakupa, zina zofanana kwambiri ndi mamba ake moti ndinazizindikira pokhapokha nditayatsa tochi. Ng'azi yogwidwa kutchire kawirikawiri imakhala nazo, ndiye muziyamba mwayang'ana malo amenewo.

Zotsatira zake zinali za anthu, osati za nyama ayi. Kumudzi kuno munthu ukasunga chinthu chimene ena sasunga, mawa lake umamva kuti ukukhwima. Sabata isanathe, nkhani inali itafika kale pachigayo kuti aphunzitsi aweta kang'ona kowatamba nako. Ndinapita kwa anyakwawa, n'kuwapempha kuti adzaone okha. Anabwera, anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kuseka. "Imeneyi si ng'azi wamba iyi? Ife tili ana chikopa chake tinkakutira kaligo." Mawu amenewo anandithandiza kuposa chilichonse chimene ndikanalankhula ine.

Kenako boma. Anthu ambiri amaganiza kuti lamulo la nyama zakutchire limakhudza njovu, zipembere ndi ngaka zokha, poti ndi zimene timamva pa wailesi anthu akulamulidwa kukakhala kundende zaka zambirimbiri. Koma lamuloli, la mu 1992, lomwe linakonzedwanso mu 2017, limafuna kuti wosunga nyama yakutchire pakhomo akhale ndi chiphaso. Ng'azi zilinso pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire, limene Malawi analowamo mu 1982, ndiye kuitulutsa m'dziko muno, yamoyo kapena chikopa chokha, popanda zikalata ndi mlandu. Ndinaimbira a nthambi yoona za nyama zakutchire n'kuwafotokozera zonse, osabisa kanthu. Anandiuza njira ziwiri: kuipereka kumalo osamalira nyama zopulumutsidwa monga Lilongwe Wildlife Centre, kapena kupempha chiphaso, koma khola likhale loyenera ndipo adzaliona. Kunena zoona, kwa anthu ambiri njira yoyamba ndiyo yanzeru. Ine ndinasankha yachiwiri, ndinalemba kalata, n'kuyamba kuumba njerwa.

Podikira kuti khola lithe ndinaisunga m'khola lakale la nkhunda, la waya wa nkhuku mbali zonse. Kumeneko kunali kulakwitsa koyamba. Ng'azi ikaona kunja kudzera pa waya imaganiza kuti ingadutse, ndiye imakhalira kukankha ndi mphuno tsiku lonse. Patangopita masiku anayi, mphuno inali itasupuka, magazi ali psuu. Ndinachita kuzunguliza makatoni m'munsi monse kuti isamaone kunja.

Khola lenilenilo ndi la mamita atatu mulitali, awiri mulifupi. Khoma la njerwa limafika m'chiuno, lopaka simenti yosalala kuti zikhadabo zisamagwire. Maziko ndinakumba kupitirira m'mawondo n'kuyala miyala pansi ndisanathire mchenga, chifukwa ng'azi imakumba ngati nkhumba. Pamwamba pa khoma ndi padenga pali waya wolimba, popeza imakweranso ngati nyani. Mbali imodzi ndinafolera ndi udzu kuti pakhale mthunzi, mbali ina ndinaisiya pa dzuwa n'kuikapo mwala waukulu wafulati wakuda. Pakona pali dilamu yapulasitiki yodula pakati, yodzaza madzi, ndipo pamthunzi pali chipika cha mphako. Pa zonsezi chipika ndiye chinthu chimene simuyenera kuiwala. Ng'azi yopanda pobisala imakhala ndi mantha usana ndi usiku, ndipo ya mantha siizolowera munthu.

Za madzi ndikuchenjezeni: ng'azi imakonda kuchitira chimbudzi m'madzi momwe imasambamo. Madzi aja muzitaya tsiku ndi tsiku, kutali ndi chitsime ndi potsukira mbale. Nyama zokwawa zimanyamula tizilombo ta salmonella totsegula m'mimba, ndiye aliyense wogwira za m'kholamo asambe m'manja ndi sopo. Ana aang'ono kwathu saloledwa kulowamo.

Kulakwitsa kwachiwiri kunandisiyira chipsera. Ndinkaganiza kuti ng'azi ili ngati kagalu, kuti ukamainyamula kawirikawiri izolowera. Ndiye madzulo alionse ndinkaitulutsa m'mphako n'kuigwira. Inkatupitsa khosi, kuchita fuuu ngati tayala lophulika, kukwapula ndi mchira, kenako n'kundithira chimbudzi chonunkha pa malaya. Nthawi zina inkangoti zii, maso tseke, ine n'kumati yayamba kundikonda. Ayi ndithu, kutseka maso koteroko ndi mantha a nyama imene yataya mtima. Tsiku lachisanu ndi chinayi inandiluma chala chachikulu, osasiya. Ndinayesa kukoka, mano n'kumalowerabe. Inasiya nditaviika dzanja lonse pamodzi ndi iyo m'dilamu ya madzi. Mano a ng'azi yaing'ono ndi osongoka ngati singano. Amadzafumpha ikamakula, kuti iziphwanya nkhono ndi nkhanu. Ndinakabayitsa jakisoni wa kafumbata, ndipo choko ndinkagwirira kumanzere kwa masabata awiri. Ana a pakhomo anaitcha Chikoti, chifukwa cha mizere imene inandisiya m'mikono.

Apa ndiye ndinayambiranso, ndipo njira imene inagwira ntchito ndi yotopetsa kuifotokoza chifukwa mbali yaikulu ndi kusachita kanthu. Kwa masabata atatu sindinaikhudze n'komwe. Ndinkaika chakudya pa mwala m'mawa n'kuchoka. Masiku oyamba chinkangouma pomwepo, kenako ndinayamba kupeza chitatha. M'mphako muja ndinaponyamo malaya anga akale osachapa. Ng'azi imanunkhiza ndi lilime lake lamphanda lija, kulitulutsa n'kulibweza kukamwa komwe kuli kachiwalo kozindikira fungo, ndiye ndinkafuna kuti fungo langa lizikhala pamalo pamene imagona mwamtendere.

Kenako ndinasamutsira mpando wanga pafupi ndi khola. Ndikaweruka, ndinkakhala pamenepo n'kumachonga makope a ana, osaiyang'ana, osalankhula. Sabata yoyamba sinatuluke. Yachiwiri ndinaona kamutu kali suzu pakhomo pa mphako, diso limodzi lili pa ine. Ndikangotembenuza tsamba mwamphamvu, kamutu kaja zii. Tsiku limene inatuluka thupi lonse n'kukagona thapsa pa mwala, miyendo ili tambalale, ine ndili pomwepo, ndinachonga kope limodzi kwa theka la ola poopa kusuntha.

Mpani unabwera pambuyo pake. Ndinang'amba nsungwi yaitali ngati mkono wonse ndi theka, monga timachitira pootcha nsomba, n'kupanira chiwala kunsonga. Ndisanalowetse mpani ndinkagogoda chidebe katatu, kuti iphunzire kuti chakudya chimabwera ndi kulira kwa chidebe, osati ndi dzanja lililonse lolowa m'khola. Poyamba inkatsomphola n'kuthawira kumphako. Patapita mwezi inkadyera pomwepo. Sabata iliyonse ndinkadula mpani uja pang'ono, kutalika kwa chala, mpaka unatsala ngati supuni. Tsiku lina ndinafulumira, kudula kwambiri, ndipo inakana kudya masiku atatu; ndinachita kusema wina wautali n'kubwerera m'mbuyo.

Kuti ikwere pa mkono, ndinkakulunga mkono wamanzere ndi chiguduli n'kuugoneka pansi, chakudya ndili nacho kumanja, pamwamba pang'ono, moti kuti ichifikire inkayenera kuponda pa chigudulicho. Mwendo umodzi, mawa iwiri, mpaka inayamba kukwera yokha. Pogwira, dzanja lizichokera m'munsi kapena m'mbali, pang'onopang'ono. Chochokera kumwamba kwa ng'azi yaing'ono ndi chiombankhanga basi. Ndipo muziona lilime: likamatuluka mwaulesi, lalitali, mtima uli m'malo. Ikaima pa miyendo, khosi litatupa, mchira utapindikira kumbali, tulukani, tsiku limenelo latha. Manja onunkha nsomba musalowe nawo.

Chakudya sichivuta kuno kunyanja, chimavuta ndi kudziletsa. Ili yaing'ono ndinkaipatsa pafupifupi tsiku lililonse: ziwala, nkhululu, ngumbi nthawi ya mvula, nkhono zing'onozing'ono. Pano imadya kawiri kapena katatu pa sabata, nkhanu za m'ngalande, nkhono ndi zigoba zake, matemba aawisi, mbewa yathunthu mwa apo ndi apo. Chathunthu ndiye chabwino, chifukwa mafupa ndi zigoba ndi zimene zimalimbitsa mafupa ake, pamodzi ndi dzuwa lenileni. Ng'azi yodyetsedwa minofu yokhayokha m'nyumba yamdima imafewa nsagwada n'kupindika miyendo. Dzira ndimaipatsa kamodzikamodzi, poti imanenepa msanga ndipo siidziwa kukana. Khoswe wofa ndi temeki, kapena ziwala za m'munda wopopera mankhwala, musayerekeze. Nsima ana anayesa kuipatsa, inangoinyambita n'kutembenuka.

Mu Juni inandiopsa. Mwera utayamba kuomba, inasiya kudya, kumangokhala m'mphako masiku anayi, asanu. Ndinkati yadwala. Alamu anga a ku Bembeke anali atabwera kudzagula mpunga, ndipo anati, "Alamu, tiyeni nayo kumtunda, kuli dokotala wa ziweto wodziwa." Mwamwayi sindinamvere. Thupi la ng'azi silidzitenthetsa lokha, limadalira dzuwa, ndipo kukazizira ngakhale chakudya sichigayika m'mimba. Dedza boma ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ife kuno tili m'chigwa pafupi ndi nyanja. Kuikweza mu Juni pa msewu wa Khwekhwerere kupita nayo kumtundako, kumene anthu amagona ndi mabulangete awiri, kukanakhala kuipha. Chimene ndinachita ndi kutchinga mbali yochokera mphepo ndi mphasa, kuthira udzu wouma m'mphako, ndi kusadza nthambi ya mango imene inkaphimba mwala m'mawa. Ogasiti atalowa inatuluka yokha, yanjala ngati mlendo. Amene muli ku Dedza boma, Bembeke kapena ku Tsangano, popanda magetsi odalirika otenthetsera khola, nyama imeneyi isiyeni.

Wina anandifunsa ngati ndingamupezere yakeyake, poti wamva kuti ng'azi zimaikira mazira m'chulu. N'zoona, yaikazi imaboola chulu nthawi ya mvula dothi lili lofewa, kuikira mazira ambirimbiri, chiswe n'kumata pabowo paja, ndipo ana amaswa patapita miyezi yambiri. Koma ndinamukanira. Ng'azi ya m'madzi imeneyi imatha kufika mamita awiri, imakhala zaka zoposa khumi, ndipo pakati pa mitundu yonse imadziwika kuti ndi yaukali. Amene anawetako amati gondwa wa kumiyala ndiye wofatsirapo. Yanga ndili nayo chifukwa cha mwendo uja, ndipo ngakhale pano sindinganene kuti imandikonda. Inangosiya kundiopa.

Tsopano yapitirira mita, timadontho tachikasu tija tayamba kuzilala, dilamu yayamba kuichepera. Ndagula kale matumba awiri a simenti oti ndimangire kadziwe mvula isanagwe. Dzulo ndinachedwa ku msonkhano wa makolo, ndipo pobwera ndinamva chidebe chikulira katatu kuseri kwa nyumba. Nditazungulira ndinapeza mayi akunyumba ataima pakhomo pa khola, mpani wautali uja uli m'manja, nkhanu ili kunsonga. Atandiona anati, "Musandiyang'ane choncho abambo, imangondimvetsa chisoni ndi kamwendo kakeko. Tengani, mumalize nokha, ine ndili ndi mphika pamoto."