Nthiti zitatu pa liwiro la 30

Ndinagwa pa njinga yamoto Lachiwiri madzulo, dzuwa litapendeka, pa mphambano yomwe ndadutsapo kosawerengeka. Sindinkathamanga. Singano ya liwiro inali pa 30 kapena kupitirirako pang'ono. Galimoto yoyera yomwe inkachokera kutsogolo inangokhota n'kundidula, ine phazi pa buleki ya kumbuyo ndi mphamvu zanga zonse. Tayala linaterereka pa mchenga umene mvula inasiya m'mphepete mwa phula, njinga n'kundigwetsera kumanzere. Galimotoyo sindinaikhudze n'komwe. Woyendetsa anatuluka akunjenjemera, manja ali kumutu, akungobwereza kuti, "Pepani achikulire, sindinakuoneni." Ndinamukhulupirira, ndipo mpaka lero ndilibe naye mangawa.

Ndili ndi zaka 63. Njinga yamoto ndinayamba kukwera ndili ndi zaka 22, choncho kugwa si chinthu chachilendo kwa ine. Paunyamata ndinagwapo koopsa kuposa apa, n'kudzuka, kusasa fumbi, kuwongola galasi, ulendo n'kumapitirira. Tsikuli ndinadzukanso, koma nditawerama kuti ndidzutse njinga, mpweya unakana kulowa. Kuchipatala chithunzi chinaonetsa nthiti zitatu zothyoka.

Chinandidabwitsa n'chakuti dokotala sanachedwe pa nthitizo. Anatenga chisoti changa, n'kuloza pomwe chinapalika, kenako anafunsa kuti, "Bambo, pali mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku?" Ndinatchula a kuthamanga kwa magazi ndi kambulu ka aspirin. Pamenepo anaitana mayi a kunyumba kuti alowe, ndipo zotsatirazo ankauza iwowo kuposa ine. Anati munthu akamakula ubongo umachepa pang'ono m'chigaza, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikuto chake timatamuka, ndiye kugwedezeka kochepa kukhoza kudula kamodzi. Aspirin ndi mankhwala ena osungunula magazi ngati warfarin amachititsa kuti magaziwo asaundane msanga. Amadontha pang'onopang'ono mkati, munthu akuyenda ndi kuseka bwinobwino, mpaka patapita masiku kapena masabata n'kuyamba kudandaula mutu, kusokoneza mawu, kugona mopitirira, kapena kufooka mbali imodzi. "Mukaona chimodzi mwa izi, musadikire kuti kuche," anatero.

Kwa ine magazi sanadonthe. Koma nthiti zinandiphunzitsa zake. Kupuma kumapweteka, ndiye umapuma pang'onopang'ono ngati mwana wa mbalame, makhololo n'kumatsalira m'mapapo, ndipo apa ndi pomwe chibayo chimalowera anthu a msinkhu wathu. Masabata asanu ndi limodzi ndinkakumbatira pilo pachifuwa kuti ndikhosomole, misozi ili m'maso, mayi akuwerenga kuti ndikoke mpweya wautali kakhumi pa ola lililonse.

Pa bedipo ndi pomwe funso linandisautsa: zaka zoposa 40 ndikukwera, bwanji phazi langa linathamangira kumbuyo? Aliyense wodziwa njinga amadziwa kuti mphamvu yaikulu yoimitsira ili ku buleki ya kutsogolo, chifukwa ukamaima kulemera konse kumapita pa tayala la kutsogolo. Ndinkadziwa. Ndinaphunzitsapo ena. Koma dzanja silinachite zomwe mutu umadziwa. Mu 1981 Harry Hurt wa ku University of Southern California anatulutsa lipoti la ngozi 900 za njinga zamoto zomwe gulu lake linafufuza ku Los Angeles. Anapeza kuti nthawi zambiri wagalimoto ndi amene sanaione njinga, kuti wokwera amakhala ndi masekondi osakwana awiri oti adzipulumutse, komanso kuti ambiri amaponda kwambiri ya kumbuyo mpaka tayala kukhukhuluzika, ya kutsogolo osaigwira mokwanira. Nditawerenga ndinangoti zii. Anali kufotokoza za ine.

Ndikuona chomwe chinachitika. Kuzolowera msewu kunandiphunzitsa kuona vuto likali patali n'kulizemba, ndipo ndi luso labwino. Koma chifukwa cha luso lomwelo ndinatha zaka zambirimbiri osaimapo mwadzidzidzi ngakhale kamodzi. Luso losagwiritsa ntchito limachita dzimbiri mwakachetechete, iwe ukudziyesa katswiri. Onjezeranipo kuchedwa kwa thupi. Pa liwiro la makilomita 60 pa ola njinga imayenda pafupifupi mamita 17 pa sekondi imodzi. Kuchedwa ndi theka la sekondi ndi mamita 8, kutalika kwa magalimoto ang'onoang'ono awiri. Theka la sekondi sulimva kuti wataya. Palibe tsiku lomwe umadzuka n'kunena kuti lero ndayamba kuchedwa.

Za maso ndinkazibisa ngakhale kwa ine mwini. Kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kachisisira kakagwa, magetsi a magalimoto obwera ankandiphulikira ngati maluwa, ine n'kumanamizira galasi la chisoti kuti lakalika. Linakalikadi, koma atandiyeza anapeza ng'ala ikuyamba diso la kumanja. Ngakhale popanda ng'ala, mwanadiso amachepa ndi ukalamba, ndipo diso la munthu wa zaka 60 limalandira pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kuwala komwe limalandira la wazaka 20. Khosi nalo linauma. Kale ndisanasinthe mbali ya msewu ndinkacheuka mpaka chibwano kufika paphewa. Ndinasiya liti sindikudziwa, ndinangozindikira kuti ndikudalira magalasi okha, pomwe magalasi ali ndi malo amene saonetsa.

Mwana wanga wamkazi anabwera ndi mawu amodzi: "Adadi, gulitsani." Sindinamukwiyire. Anaona mayi ake akundisambitsa, anali ndi ufulu wolankhula. Ndinamuyankha kuti ndigulitsadi, koma yaikuluyo. Inali yolemera makilogalamu oposa 250, ndipo zoona zake n'zakuti inali itayamba kundivuta poitembenuza pamalo othina ndi poikankha chambuyo. Minofu ya miyendo imachepa ndi zaka, njinga sichepa. Ndinagula yaing'ono, yoti mapazi onse awiri amaponda pansi bwinobwino, yokhala ndi ABS, yomwe imaletsa tayala kumangika ukagwira buleki mwamantha. Ku Ulaya kuyambira 2016 anayamba kulamula kuti njinga zatsopano zoposa 125cc zizikhala nayo. Ine ndinali m'gulu la onena kuti wodziwa kukwera safuna makina omuthandiza. Ndinalakwitsa.

Chisoti chakale ndinachidula malamba n'kuchitaya kuti wina asachitole. Kunja chinkaoneka chabwino, koma chofewa chamkati chimaphwanyika kamodzi kokha, ntchito yake n'kuthera pomwepo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti chisoti chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100 alionse, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 pa 100 alionse. Mawu oti "moyenera" ndi amene ndimawagwira: lamba womanga, wothina moti zala ziwiri zokha n'zimene zingalowe pansi pa chibwano.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mnzanga wina wa msinkhu wanga. Anasiya kukwera ana atayamba sukulu, ndipo patatha zaka 25, atapuma pantchito, wagula chinjinga champhamvu kuposa chilichonse chimene anakwerapo. M'mutu mwake akadali mnyamata wa zaka 35 uja. Ali ndi shuga, ndipo amanyamuka m'mawa atamwa mankhwala koma asanadye kanthu, osaganiza kuti shuga ikatsika chizungulire chimabwera osagogoda. Nditamuuza anaseka, amvekere, "Achimwene, mwagwa kamodzi basi mwasanduka m'busa?" Sindinabweze. Ndinangogwada pa tayala lake la kutsogolo n'kumuonetsa manambala anayi omwe amakhala m'mbali, awiri oyamba sabata, awiri omaliza chaka chomwe tayalalo linapangidwa. Lake linali la zaka zisanu ndi zitatu, mano akadali athunthu koma labala itauma gwa ngati chikopa.

Masiku ano sindikwera dzuwa likalowa, ndiponso sindikwera ndikamwa mankhwala a chimfine oyambitsa tulo aja. Ndikamayandikira mphambano pomwe pali galimoto yodikira kukhota, ndimachepetsa liwiro, zala ziwiri zili kale pa buleki ya kutsogolo, maso ali pa tayala lake osati pankhope ya woyendetsa, chifukwa tayala ndi lomwe limayamba kunena kuti akunyamuka.

Loweruka lililonse m'mamawa ndimapita pabwalo lina loimikapo magalimoto lisanadzaze. Ndimaika mabotolo awiri a pulasitiki, ndimabwera pa 40, ndikafika pa botolo loyamba n'kuima mwamphamvu, kakhumi. Sabata yoyamba ndinkapitirira botolo lachiwiri nthawi zonse, nthiti zikundikumbutsa. Loweruka lapitali mnzanga uja anabwera, akuti kudzangoonerera. Anaima chapatali manja ali m'thumba, mpaka nditamaliza kachisanu ndi chiwiri anafuula kuti ndisunthe botolo, akufuna ayesereko.