Ma knockout a FPL ayandikira, mverani kwa munthu amene analuza mbuzi mu 2023

Anyamata a mu gulu lathu la pa WhatsApp akhala akundivutitsa sabata yonseyi kuti akulu tatiuzani tiike ndani mu matimu athu a FPL (Fantasy Premier League, masewero a pa foni amene umasankha mapleya enieni a ligi ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera), ngati kuti ine ndinawinapo. Sindinawinepo ayi. Koma ndinaluzapo fainolo mochititsa manyazi moti mpaka lero ndikamadutsa pa msika wa Nchalo pali anyamata ena a kabaza amangoyamba kulira ngati mbuzi akandiona, nde mwina pamenepo ndili ndi kakuti ndinganene.

Kwa amene simuli mu gulu, ligi yathu ndi ya head-to-head, tilimo anthu 20, ambiri a kuno ku Nchalo, ena ku Ngabu, awiri ku Bangula, m'modzi ali ku Joni koma amasonkha nawo osaphonya. Sabata iliyonse umakumana ndi munthu m'modzi, ukamuposa watenga 3, mukafanana aliyense 1. Ikatha GW35 (gameweek, sabata ya 35 ya magemu) anthu 8 apamwamba amalowa ma knockout, kota pa GW36, semi pa GW37, fainolo pa GW38. Wowina amapatsidwa mbuzi ya ku Ngabu, yamoyo, amachita kukoka yekha ndi chingwe. Za ndalama tinasiya chifukwa chaka china msungichuma wathu anayamba kuzimitsa foni sizoni itangotsala pang'ono kutha kkkk.

Nde tsiku lake linali Lamulungu pa 28 May 2023. Fainolo, ine ndi alamu anga enieni, achimwene a madam. Sizoni yonse ndinali ndikuyenda pamsana pa Haaland, munthu uja anali atamwetsa zigoli 36 mu ligi, palibe anachitapo zimenezo mu Premier League. Kaputeni (amene mapointi ake amawerengedwa kawiri) Haaland, vaisi De Bruyne, ndinkaona ngati ndatseka khomo ndi maloko awiri. Ndinali nditauza kale madam kuti pezani malo omangapo chiweto, paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, tsiku limenelo mbuzi yokondwayo ndinali ineyo. Zimene sindinafune kuganiza ndi zoti Man City inali itatenga kale ligi, kutsogolo kwake kunali fainolo ya FA Cup ndi Man United pa 3 June komanso ya Champions League ndi Inter pa 10 June. Kochi wawo Guardiola angaike bwanji miyendo ya Haaland pa ngozi ku Brentford pa gemu yopanda kanthu?

Tili mu vidiyo sho, chitseko chotseka, thukuta kuti chuu ngakhale May kuno amati kwayamba kuzizira, lainapu inatuluka pa foni ya mnyamata wina kutsogolo. Anangotembenuka n'kundiyang'ana osayankhula. Haaland pa benchi, De Bruyne ngakhale pa benchipo palibe. Ndinati alowa sekondi hafu. Sanalowe mpaka wezulo yomaliza, City inagonja 1-0. Lamulo lake likuti kaputeni akapanda kusewera udindo umapita kwa vaisi, koma onse awiri akapanda kusewera palibe amene amakuchulukitsira mapointi, basi zathera pompo. Alamu anali ataika Harry Kane ukaputeni, Tottenham inamenya Leeds 4-1, Kane ziwiri. Anandiimbira ndili panjira, "Alamu, chingwe muli nacho? Mundibwereke." Ndinadya nawo mbuziyo, sindikana, koma siinakome.

Chimene ndinatolapo apo ndi chakuti masabata atatu omalizawa dzina la pleya silikuthandiza, funso loyamba ndi lakuti kodi asewera, lachiwiri kodi timu yake ili ndi njala ya chiyani. Ndipo vaisi asamakhale wa timu imodzi ndi kaputeni, kochi akaganiza zopumitsa anthu amapumitsa gulu.

Za njalazi ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Tengani tebulo la ligi muliyang'ane bwinobwino, osati kungoona ka mtundu kobiriwira ndi kofiira ka ma fixture pa app paja. Matimu amagawika patatu. Pali amene akulimbirana chikho kapena malo a ku Europe, pali amene akuthawa kutsika, ndiye pali ena ali pakati amene akungodikira holide, matupi ali mu graundi mitima inakwera kale ndege. Onani Liverpool mu 2025. Anatenga ligi pa 27 April atakwapula Tottenham 5-1, kutatsala magemu anayi, ndipo mwa anayiwo sanawine ngakhale imodzi: anagonja 3-1 kwa Chelsea, 2-2 ndi Arsenal, anagonja 3-2 ku Brighton, 1-1 ndi Crystal Palace. Amene anali ndi madifenda a Liverpool kudikira clean sheet anangodikira ngati mvula ya October. Komatu ndi sizoni yomweyo imene Salah anapanga mapointi 344, rekodi ya FPL. Chaka chomwecho Tottenham ndi Man United maso awo onse anali pa fainolo ya Europa League ku Bilbao pa 21 May, mu ligi ankangoponya aliyense amene wapezeka, anathera pa nambala 17 ndi 15.

Koma musamve ngati ndikuti timu ya pakati iliyonse ndi yakufa. Pa 19 May 2024 Crystal Palace inalibe chothawa kapena cholimbirana koma inali pa moto, inakumana ndi Aston Villa imene inali itapeza kale malo a Champions League ndipo inali yotopa, zinatha 5-0, Mateta zitatu, Eze ziwiri. Mphunzitsi wina wa ku Ngabu mu ligi mwathu anamuika Mateta ukaputeni tsiku limenelo, tonse tinamuseka mu gulu dedilaini yosinthira timu itangodutsa, pofika 7 koloko madzulo amaseka ndi iyeyo. Nde muziona mbali zonse ziwiri, amene akusewera ndi amene akusewera naye, ndani mwa awiriwa watopa kapena wakhuta.

Chachiwiri chimene anthu amaiwala, mu knockout simukulimbana ndi anthu mamiliyoni a dziko lonse, renki yanu ya overall ilibe ntchito apa. Mukulimbana ndi munthu m'modzi, mwina amene mumamwa naye limodzi pa Dyeratu. Tsegulani timu yake. Zimene wasintha sabata ino simungazione mpaka dedilaini idutse, koma timu ya sabata yatha imaoneka, komanso mu history yake mumaona machipi (zida zapadera zothandiza kuwonjezera mapointi) amene anadya kale. Werengani mapleya amene muli nawo nonse awiri, amenewo amafufutana, Haaland wanu akagoletsa wakenso wagoletsa. Gemu yeniyeni ili pa anthu anayi kapena asanu amene mukusiyana, kuphatikiza kaputeni. Ngati mwaona kuti pa osiyanawo inu muli bwino, musachite matama, ikani kaputeni yemweyo amene mukudziwa kuti iye aika, mumutsekere njira, otsalawo akumalizireni ntchito. Ngati mwaona kuti iyeyo wakuposani, kutengera kaputeni wake ndi kungovomera kufa pang'onopang'ono, apa mpamene mumafuna munthu wachilendo ngati Mateta uja. Kuluza ndi mapointi 2 kapena 40 n'chimodzimodzi, mbuzi simuiona basi.

Ine mu 2023 muja ndikanangotsegula timu ya alamu ndikanaona kuti Kane analipo kwa tonse awiri. Inde, ndinali naye, anandipatsa mapointi ake bwinobwino, kungoti alamu anawalandira kawiri.

Za ma hit. Transifa iliyonse yoposa zaulere imadya 4, ndipo mu head-to-head 4 ameneyo amachotsedwa pa sikolo ya sabata yomweyo. Mu September ukhoza kunena kuti abweza m'masabata akubwerawa, pano masabata akubwerawo kulibe ukagonja. Chigoli cha sitiraika ndi mapointi 4, ndiye kuti munthu amene mwamugula ndi hit akuyenera kugoletsa kaye kamodzi kuti mungobwerera pamene munali. Ine ndimalola hit pokhapokha ngati ndilibe anthu 11 osewera. Mbali inayi, kuyambira 2024/25 matransifa aulere amasungika mpaka 5, ndiye pali anthu ena amawaumira ngati chimanga cha mbewu. Ikatha GW38 amapsa onse, ndalama ya ku banki ija £1.5m mukuisunga ija simudzaitapa pa ejenti. Idyeni. Machipi chimodzimodzi, ngati mukadali ndi Triple Captain (mapointi a kaputeni katatu) kapena Bench Boost (a pa benchi nawo awerengedwe) musati ndisungira fainolo pamene kota yomweyi mwakumana ndi munthu woopsa, fainoloyo mukhoza kukaionera kunja muli ndi chipi m'thumba. Pokhapokha ngati mdani wa sabata ino timu yake inafa kale, muli nawo anthu aja anasiya kusintha mu February koma analowa top 8 mwamwayi.

Benchi. Eee apa mpamene pamaoneka amene amasewera ndi mutu. Nthawi zonse timadzaza benchi ndi ana a £4.0m osasewera kuti ndalama ipite kutsogolo, zili bwino mpaka March, koma mu May makochi amasinthasintha kwambiri moti woyamba pa benchi amalowa pafupifupi sabata iliyonse. Akhale munthu wosewera 90, ndipo dongosolo la benchi mulione, woyamba akhale amene mukumudalira koposa, goloboyi ali ndi malo akeake. Kumbukiraninso kuti timu siingatsike pansi pa madifenda atatu, nde ngati mwaika atatu okha kumbuyo m'modzi n'kujomba, amene alowe ndi difenda basi ngakhale mutamuika wachitatu pa benchi. Choopsa kwambiri si pleya amene sasewera, ameneyo auto-sub imakupulumutsani pokulowetserani wa pa benchi. Choopsa ndi uja amalowa mphindi ya 84, kuthamanga kawiri, kukupatsani 1, mwinanso yelo khadi n'kukhala 0, kwinaku pa benchi panu pali difenda wa mapointi 8 akukuyang'anani. Pleya wa ka mbendera kachikasu ka 75% (mwayi woti asewera) amene timu yake ili ndi fainolo kutsogolo ndi wa mtundu umenewo ndendende. Dikirani makochi ayankhule ndi atolankhani, nthawi zambiri Lachinayi kapena Lachisanu, musanadine chilichonse. Pena zimakomera ndithu, Gündoğan analowa kuchokera pa benchi pa 22 May 2022 City ikutsalira kwa Villa n'kugoletsa ziwiri, zinatha 3-2, koma ndani angamange nyumba pa zimenezo.

Madifenda tsiku lomaliza ine sindiwakhulupirira, zigoli zimayoyoka ngati masawu mphepo ikawomba, tsiku la tsoka langa lija Southampton yotsika kale inapanga 4-4 ndi Liverpool. Atatu kumbuyo akwana, ndipo sankhani amene ali ndi njira ina yopezera mapointi, okwera pa makona, kapena aja ochotsa mipira kwambiri poti kuyambira 2025/26 difenda akafika 10 pa ma clearance, block, interception ndi tackle amapatsidwa 2 ngakhale timu yake itamwetsedwa. Difenda wa timu yothawa kutsika amene akhale akumenya mitu gemu yonse akhoza kukuposerani wa dzina wa £6m. Komanso dziwani kuti mukafanana mapointi mu knockout amayamba kuwerenga zigoli zimene anthu anu amwetsa, kenako zimene amwetsedwa, zikafananabe kompyuta imangoponya ndalama m'mwamba, nde kudzaza kumbuyo kulibe phindu ngakhale pamenepo.

Chomaliza ndi cha kwathu konkuno, azungu a pa YouTube sangakuuzeni. Dedilaini imatseka mphindi 90 gemu yoyamba isanayambe, ndipo akasintha mawotchi ku England kumapeto kwa March kusiyana kwathu kumakhala ola limodzi osati awiri. Gemu ya Loweruka masana imene tinazolowera 2:30 m'masabata omalizawa imayamba 1:30, ndiye kuti dedilaini ndi 12 koloko, anthu mukadali ku munda wa thonje kapena pa shifiti ku mizimbe. Ikakhalapo gemu ya Lachisanu usiku ndiye zimatsekeratu Lachisanu lomwelo, chaka chilichonse pamapezeka wolira. Tsiku lomaliza magemu onse 10 amayamba limodzi, nthawi zambiri 5 koloko madzulo nthawi yathu, dedilaini 3:30. Musadikire 3:25. Mnzathu wa ku Bangula anatuluka mu semi chaka china chifukwa magetsi anazima kuyambira m'mawa, foni ili ku chaji ku babashopu ya sola, poitenga netiweki nkhabe, anakwera mpaka pa chulu atakweza foni m'mwamba ngati akuitana mvula, pamene imatsegula n'kuti patadutsa mphindi zitatu, kaputeni ali munthu wovulala. Ine ndimakonza timu Lachinayi usiku bandulo ikadalipo, kaputeni, vaisi, benchi, ndikadina save ndimatuluka n'kulowanso kuti ndione ngati zagwiradi, zina ndimadzangokonza pang'ono nkhani zikatuluka.

Chaka chino ndili pa nambala 6, tebulo likangokhala chonchi kota ndikumana ndi wa nambala 3. Mwadziwa kale ndi ndani. Dzulo anabwera kunyumba ati kudzaona ana, atakhala pa khonde foni yanga ili pa chaji pambali pawo, ndinaona maso akungopita pamenepo. Ndinaitenga n'kukaitsekera ku chipinda.