Sabata yachitatu: ndani amamenya kwambiri pafupi pa levulo 5

Sabata ino ndamaliza kuwerengetsa komwe ndinayamba mwezi watha, pofuna kudziwa kuti pakati pa Fighter, Barbarian, Paladin ndi Rogue, mitundu ya ankhondo mu masewera apatebulo a Dungeons & Dragons ya malamulo a 2014, ndani amene ali ndi mphamvu zenizeni akayandikizana ndi mdani. Onse ndinawaika pa levulo 5, ndi +7 yowonjezera pa dayisi ya d20 (ya mbali 20), ndipo mdani ndinamupatsa Armor Class 15, nambala yomwe womenya ayenera kufikapo kuti amugunde. Izi zikutanthauza kuti womenya afunika 8 kapena kupitirira apo, ndiye amagunda ka 65 pa maulendo 100 aliwonse. Nkhani ya critical (kugunda kwamphamvu dayisi ikagwa pa 20) ndayamba ndaiika pambali.

Fighter wa lupanga lalikulu la 2d6 (madayisi awiri a mbali 6) amamenya kawiri, ndipo amachotsa mapointi a moyo wa mdani pafupifupi 14 pa ulendo wake. Rogue amamenya kamodzi kokha, koma Sneak Attack yake ya 3d6 imamufikitsa pa 12, bola ngati mnzake wayima pambali pa mdaniyo.

Barbarian ndiye anandidabwitsa. Akagwiritsa ntchito Reckless Attack amaponya madayisi awiri n'kutenga yaikulu, mwayi wogunda n'kukwera kufika pa 88 pa 100, ndipo akawonjezera +2 wa Rage (ukali wake wa pankhondo) amafika pafupi ndi 23. Nditaona nambala imeneyi ndinaganiza kuti funso langa layankhidwa, koma nditaseweretsa ndekha nkhondo zisanu motsatizana patebulo, zinthu zinasintha. Pa levulo 5 Barbarian ali ndi Rage katatu kokha asanapume usiku wonse. Pa nkhondo yachinayi anali akumenyabe pafupifupi 19, koma adani nawo anali akuponya madayisi awiri pomumenya iye, pomwe chitetezo cha Rage chimene chimadula pakati kuvulala kwa malupanga ndi zibonga chinali chitatha. Anagwa msanga ngakhale kuti dayisi yake ya moyo ya d12 imamupatsa moyo wochuluka kuposa onse.

Paladin naye vuto lake n'lofanana. Divine Smite imawonjezera 2d8 pa nkhonya imodzi, ndipo pa nkhondo yoyamba anaphwanya mdani wamkulu mofulumira moti ndinachita kuwerenganso kuti nditsimikize. Koma Divine Smite iliyonse imadya malo amodzi a matsenga, ndipo ali ndi malo asanu ndi limodzi okha pa tsiku, ndipo akangowatha amatsala pamodzimodzi ndi Fighter, kapena kutsikirapo pang'ono, chifukwa Action Surge ya Fighter, yomwe imamulola kumenyanso pa ulendo womwewo, imabwerera akangopuma ola limodzi.

Fighter ndinkamuona ngati wosasangalatsa, koma tsopano ndikumulemekeza, popeza pa nkhondo yachisanu anali akumenyabe monga anachitira pa yoyamba. Chimene ndalemba pamwamba pa tsamba latsopano m'kope langa ndi chiwerengero cha nkhondo pa tsiku, chifukwa ndicho chikusuntha zotsatira zonse. Sabata yamawa ndiwakweza onse pa levulo 11, pamene Fighter amayamba kumenya katatu, ndipo ndiwonjezera Monk amene ndinamusiya.