Zikomo Nkhotakota, ntchito yomwetsa mankhwala a likodzo yatha bwino

Ife azaumoyo amene timagwira ntchito m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja kuno ku Nkhotakota tati tiwombe m'manja pagulu, poti ntchito yomwetsa mankhwala a likodzo m'sukulu ndi m'madoko yatha. Zikomo inu mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, chifukwa chomemeza anthu mpaka pamaliro ndi pamilandu pomwe. Zikomo atsogoleri a m'mizikiti ndi m'matchalitchi polengeza uthengawu Lachisanu ndi Lamulungu. Aphunzitsi, munasiya choko n'kugwira kaundula ndi ndodo yoyezera msinkhu, Mulungu akudalitseni. Inunso asodzi amene munachedwetsa ulendo wa pamadzi kuti mumwe kaye mapiritsi, takuonani.

Koma amene tikuwathokoza mwapadera ndi makolo aja amene anabwera atagwira mwana padzanja n'kunena poyera kuti, "Uyu akumakodza magazi." Kale mawu amenewa sankatuluka pakamwa. Ena ankati mnyamata akakodza magazi ndiye kuti wakula. Si kukula kumeneko, ndi chikhodzodzo chimene chili ndi zilonda, ndipo chikasiyidwa choncho zimene zimadzavutika pamapeto ndi impso.

Ambiri munatifunsa kuti magazi a pamkodzo akukhudzana bwanji ndi impso. Tifotokoze pano kuti amene sanapezeke pamisonkhano amve nawo.

Munthu ali ndi impso ziwiri, kumbuyo chakumsana, m'munsi mwa nthiti zomaliza, ina uku ina uku. Iliyonse ndi yaikulu ngati chibakera cha mwini wake, yotalika masentimita 10 mpaka 12, yolemera pafupifupi magalamu 150. Ya kumanja imatsikirako pang'ono chifukwa pamwamba pake pali chiwindi. M'kati mwa impso iliyonse muli timasefa tating'onoting'ono pafupifupi 1 miliyoni, ndipo mphindi iliyonse magazi oposa lita imodzi amadutsa mu impso ziwirizi. Patsiku timasefati timatcheza madzi okwana malita 180 kuchokera m'magazi. Amenewo ndi zigubu 9 za malita 20. Munthu akanati azikodza zonsezo bwenzi atauma dzuwa lisanafike paliwombo. Chimene chimachitika n'chakuti timachubu ta m'impso timabweza pafupifupi madzi onsewo m'magazi, pamodzi ndi shuga ndi mchere umene thupi likufuna, n'kusiya lita imodzi kapena awiri okha kuti atuluke ndi zoipa. Umenewo ndiye mkodzo. N'chifukwa chake mkodzo wa munthu wabwinobwino sukhala ndi shuga, mapuloteni kapena magazi. Tikapeza chimodzi mwa zimenezi pa kapepala koyezera mkodzo, timadziwa kuti penapake pavuta.

Ntchito ya impso sithera pa kusefa. Zimathandiza kuti BP (kuthamanga kwa magazi) isakwere kapena kutsika mopitirira, zimauza mafupa kuti apange magazi, komanso zimakonza vitamini D kuti mafupa alimbe. Ndiye munthu amene impso zake zatopa amapezeka ndi BP yosamva mankhwala, magazi ochepa, ndi mapazi otupa.

Mkodzo ukapangidwa umatsika m'timapaipi tiwiri, kamodzi kuchokera ku impso iliyonse, totalika masentimita 25 mpaka 30, n'kukathira m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo cha munthu wamkulu chimasunga pafupifupi botolo limodzi la mamililita 500, ngakhale kuti munthu amayamba kumva mkodzo chikafika chapakatikati. Kuchoka apo mkodzo umatuluka kudzera m'njira imodzi, yomwe kwa amayi ndi ya masentimita 4 okha pomwe kwa abambo imafika pafupifupi 20. Kufupika kumeneku ndiko kumachititsa kuti amayi azivutika kawirikawiri ndi kuwotcha pokodza, popeza tizilombo tochokera kunja sitiyenda mtunda wautali kuti tifike m'chikhodzodzo.

Tsono likodzo limalowerera apa. Munthu wodwala akakodza m'madzi, mazira amene ali mumkodzo amaswa, tizilomboto n'kukalowa mu nkhono zazing'ono zimene zimakonda madzi odekha a m'mabango, m'madambo a mpunga, ndi malo ngati m'mbali mwa nyanja ya Chia. Pakapita masabata angapo timatuluka mu nkhonomo tambirimbiri, n'kuboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kukoka khoka kapena kuwokera mpunga. Sitifuna bala ayi, khungu labwinobwino timaboola m'mphindi zochepa. M'miyezi iwiri kapena itatu timakhala takula kukhala nyongolotsi, zimene zimakakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira tsiku ndi tsiku kwa zaka. Mazira ena amaboola chikhodzodzo kuti atuluke, ndiwo magazi aja amene amadontha kumapeto kwa kukodza. Oopsa kwenikweni ndi amene amakanirira m'mnofu. Thupi limawakuta ndi zipsera, chikhodzodzo chimauma, ndipo pamene timapaipi tija timalowera pamapanikizika. Mkodzo ukasowa njira umabwerera m'mwamba, impso imafufuma ngati chibaluni, timasefa tija n'kumafa pang'onopang'ono. Kasefa kamene kafa sikameranso.

Choipa chake n'chakuti zonsezi zimachitika mwakachetechete. Impso imodzi yokha ikhoza kugwira ntchito yonse, ndiye munthu amapalasa bwato, kulima, kudya kondowole wake bwinobwino pamene impso inayo inatha kalekale. Magazi a pamkodzo nawonso amatha kusiya okha munthu akamakula, iye n'kumati ndachira, chonsecho zipsera zikupitirira. Likodzo lokhalitsa limayambitsanso khansa ya m'chikhodzodzo, ndipo kwa amayi mazira aja amafika ku chiberekero ndi njira yake, n'kubweretsa zilonda, kutaya magazi ndi kupweteka pokhala malo amodzi ndi bambo. Ambiri amamwa mankhwala a matenda opatsirana pogonana mobwerezabwereza, m'banja n'kulowa mpungwepungwe, pomwe gwero lake ndi madzi a padoko.

Amayi amene munadzuka m'mamawa kuphikira ana phala kapena kuwaphikira chinangwa asanapite kusukulu, munagwira ntchito yaikulu kuposa mmene mukuganizira. Praziquantel, mankhwala a likodzo aja, ndi wowawa, ndipo pamimba yopanda kanthu amabweretsa nseru, chizungulire ndi kupotokola m'mimba. Zimenezi zimatha m'maola ochepa, ndipo kawirikawiri zimakula kwa amene ali ndi nyongolotsi zambiri. Piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, ndipo mlingo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwana wa makilogalamu 30 amamwa awiri, wamkulu wa makilogalamu 60 amamwa anayi, nthawi imodzi. Ndodo ija imene ana ankaimapo imalowa m'malo mwa sikelo. Choncho amene munadandaula kuti mwana wa mnzanu walandira ambiri kuposa wanu, panalibe kukondera, unali msinkhu.

Musaiwale kuti mankhwalawa si katemera. Amapha nyongolotsi zikuluzikulu, koma tating'ono timene tangolowa kumene timapulumuka, ndipo mawa mukalowanso m'madzi omwewo mutenganso. Sitinganene kuti musiye nyanja, chifukwa ndiwo munda wathu. Chotheka ndi ichi: osakodza kapena kuchita chimbudzi m'madzi, madzi osamba ochokera kunyanja kapena kudambo aziwiritsidwa kapena kusungidwa mu ndowa masiku awiri athunthu, ana azisamba a pamjigo, ndipo ntchito imeneyi ikadzabweranso mudzamwenso. Amakomiti a m'madoko amene mwayamba kukumba zimbudzi, pitirizani.

Poti nkhani ndi ya impso, tiwonjezere adani ena amene tinakumana nawo m'mafunso anu. BP ndi shuga zimawononga timasefa mosaonetsera, choncho kayezetseni ngakhale simukumva kupweteka. Mchere usapitirire supuni yaing'ono imodzi patsiku, kuwerengera ndi umene uli kale mu nsomba zouma. Brufen, diclofenac ndi indocid wogula pagolosale, amene ambiri amamwa tsiku lililonse pochotsa kutopa kwa chilimira, amachepetsa magazi opita ku impso, makamaka munthu akatuluka thukuta kwambiri osamwa madzi. Mankhwala a zitsamba osadziwika mlingo nawonso amapweteka impso. Malungo aakulu ndi kutsekula m'mimba, monga kolera imene inativuta mu 2022 ndi 2023, zimatha kuimitsa impso m'masiku ochepa, n'chifukwa chake timalimbikira Thanzi ORS, paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi abwino. Impso zikalephereratu chimatsala ndi makina osefa magazi otchedwa dialysis, ndipo kwa ife kuno ndiye kuti ulendo wa ku Kamuzu Central ku Lilongwe, maola pafupifupi anayi pamakina, kangapo pa sabata, moyo wonse.

Agogo athu aamuna amene mukukodza modontheza, kudzuka kanayi kasanu usiku, kapena kukankha nthawi yaitali mkodzo usanatuluke, nthawi zambiri ndi prostate, kachiwalo ka amuna ka m'munsi mwa chikhodzodzo, kamene kakula n'kufinya njira. Musachite manyazi ndi adzukulu anu a kuchipatala. Mkodzo ukatsekeka tsiku lonse chinena n'kutupa, osadikira kuti kuche.

Amene anaphonya chifukwa anali pamadzi, kumunda kapena ankadwala, apite ku chipatala chimene ali nacho pafupi atadya kaye. Ngati mwana akupitiriza kukodza magazi patatha milungu ingapo atamwa mankhwala, kapena mkodzo ukuchita thovu losatha, kapena akudzuka nkhope itatupa, bwerani naye. Mkodzo wokayezetsa likodzo utengedwe pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, nthawi imene mazira amatuluka ambiri, ndipo madontho omalizira asatayidwe, alowe m'kabotolo momwemo.