RX-7 yanga yakale yalira ndi injini ya turbo

Abale ndi anzanga, ndikukudziwitsani kuti galimoto yanga ija, Mazda RX-7 ya mtundu woyamba umene unatuluka mu 1978, yalira dzulo madzulo kuno ku Chipata itakhala miyezi isanu ndi iwiri pa njerwa kuseri kwa nyumba. Tinachotsamo injini yake ya 12A imene inali itatheratu mphamvu, ndipo m'malo mwake taikamo injini ya 13B yokhala ndi turbo (chipangizo chokankhira mpweya wochuluka mu injini kuti ikhale ndi mphamvu zambiri) yochokera mu RX-7 ya mtundu wachiwiri.

Ambiri mumandifunsa chifukwa chake imalira mosiyana ndi magalimoto ena. Mkati mwa injini yake mulibe mapisitoni, koma muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zimazungulira, potsatira nzeru za Felix Wankel wa ku Germany, ndipo ngakhale kuti ndi ya 1308cc yokha, imakoka ngati injini yaikulu. Vuto lake n'lakuti imatentha kwambiri, makamaka ikakhala ndi turbo, choncho ndinaumirira kuti tiike radiyeta yokulirapo ndi choziziritsira oyilo, poganizira dzuwa la mwezi wa Okutobala kuno kum'mawa. Makaniko anga anapukusa mutu nditawauza kuti kudya oyilo si matenda kwa injiniyi, popeza imamwa oyilo pang'ono mwadala kuti tizitsulo ta pansonga za zitsulo zozungulira zija, timene amati apex seals, tisathe msanga.

Chimene chinatidyera nthawi yochuluka ndi mawaya, chifukwa kompyuta ya injiniyi sinkagwirizana ndi mawaya akale, mpaka tinawalumikiza lililonse palokha. Loweruka m'mamawa ndidzaiyesa galimotoyi pa Great East Road kukafika ku Katete, maso anga ali pa muvi wa kutentha.